Mphoto za akatswiri a softball m'mayunivesite a ku America: mbiri yake ndi momwe amasankhira

Chaka chilichonse, kumapeto kwa mwezi wa Meyi ndi mkati mwa Juni, mabungwe angapo a zamasewero m'dziko la America amalengeza maina a atsikana omwe achita bwino koposa pa masewero a softball m'sukulu zaukachenjede. Maulemu akuluakulu alipo anayi: mphoto ya bungwe la USA Softball, mphoto ya Honda, maulemu ochokera kubungwe la aphunzitsi a masewerowa la NFCA, ndi mphoto ya wosewera wopambana pa mpikisano wotsiriza wa Women's College World Series. Onsewa amati akufuna kupeza katswiri woposa anzake, koma kawirikawiri sagwera munthu mmodzi. Chifukwa chake n'chakuti mphoto iliyonse ili ndi oisankha ake, nthawi yake ndi muyeso wake. Wofuna kudziwa kulemera kwa mphoto ayenera kuyamba wadziwa yemwe amavota, tsiku lomwe amavotera ndi chomwe amayang'ana.

Masewero ake ndi otani

Softball ndi mphwake wa baseball. Anayambira mumzinda wa Chicago m'chaka cha 1887 ngati masewero a m'nyumba, ndipo yemwe amatchulidwa kuti adawayambitsa ndi mtolankhani George Hancock. Ngakhale dzina lake m'Chingerezi limatanthauza mpira wofewa, mpirawo ndi wolimba ndipo ndi wokulirapo kuposa wa baseball.

Timu iliyonse imalowetsa osewera 9 m'bwalo. Mkati mwa bwalolo muli ngodya zinayi zotalikirana mamita 18. Woponya mpira amaima pakati, pamtunda wa mamita 13 kuchokera pomwe paima womenya, ndipo amaponya mozunguza mkono n'kutulutsira mpirawo cha m'chiuno, osati pamwamba pa phewa monga zimakhalira pa baseball. Oponya amphamvu amafikitsa mpira paliwiro loposa makilomita 110 pa ola. Womenya akaumenya ndi chibonga chake amathamanga kudutsa m'ngodya zija, ndipo akazizungulira zonse n'kubwerera pomwe adayambira, timu yake imapeza pointi imodzi. Akaumenya mpaka kudumpha mpanda wa bwalo, amazungulira popanda womuletsa, ndipo chimenechi amachitcha home run. Akalephera katatu kumenya mpira woponyedwa bwino amatuluka, zomwe amazitcha strikeout. Osewera atatu akatulutsidwa, matimu amasinthana: omenya amapita kukatchinga, otchinga amabwera kudzamenya. Masewero amodzi amakhala ndi magawo 7.

Mawu awiriwa, home run ndi strikeout, ndiwo amamveka kwambiri nthawi ya mphoto, pakuti ndiwo miyeso yoonekeratu ya mphamvu za womenya ndi luso la woponya.

Chifukwa chake mphoto za kusukulu zimalemera

M'masewero ambiri, zomwe munthu wachita ali pasukulu zimakhala chiyambi chabe, ndipo ulemu weniweni amakaupeza m'matimu olipira. Pa softball ya atsikana zinthu zakhala zosiyana kwa zaka zambiri. Ligi zolipira m'dziko la America zakhala zazing'ono ndi zosakhazikika: ligi ya National Pro Fastpitch idayamba mu 2004 n'kutha mu 2021. Choncho kwa osewera ambiri, zaka zinayi za kuyunivesite ndiyo nyengo yomwe amasewera pamaso pa khamu lalikulu ndiponso kuonetsedwa pawailesi yakanema m'dziko lonse. Akamaliza maphunziro, ochuluka amasiya kusewera kapena amakhala aphunzitsi a masewerowa. Mphoto ya kuyunivesite imasanduka mbiri yomwe dzina la wosewera lidzakumbukiridwe nayo moyo wake wonse.

Kukula kwa masewerowa kudadza kaamba ka lamulo la mu 1972 lotchedwa Title IX, lomwe limaletsa sukulu zolandira thandizo la ndalama kuchokera kuboma kusala munthu chifukwa choti ndi mkazi kapena mwamuna. Lamuloli lidakakamiza mayunivesite kutsegula matimu a atsikana ndi kuwalipirira maphunziro monga ankachitira ndi anyamata. Bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite la NCAA lidayamba kukonza mpikisano wa softball wa dziko lonse mu 1982, ndipo chikho choyamba m'gawo lapamwamba chidapita ku yunivesite ya UCLA ya mumzinda wa Los Angeles. Lero m'gawo lapamwambali, lomwe amalitcha Division I, muli sukulu pafupifupi 300.

Ulendo wopita ku Oklahoma City

Nyengo ya masewero imayamba mu Febuluwale, ndipo timu imodzi imatha kusewera koposa ka 50 isanafike pa mpikisano wa dziko lonse. Mu Meyi, matimu 64 amasankhidwa n'kugawidwa m'magulu 16 a matimu anayianayi. Opambana m'magulu amenewa amakumana awiriawiri, ndipo matimu 8 otsala ndiwo amapita ku Women's College World Series. Kuyambira mu 1990 mpikisano wotsirizawu umachitikira mumzinda wa Oklahoma City, kupatula chaka cha 1996 pomwe udachitikira ku Columbus m'chigawo cha Georgia. Bwalo lake, lomwe tsopano limatchedwa Devon Park, limalowa anthu pafupifupi 13,000. Kuyambira mu 2005, matimu awiri ofika m'ndime yotsiriza amasewera mpaka katatu, ndipo yoyamba kupambana kawiri ndiyo imanyamula chikho.

Pofika mu 2025, UCLA inali ndi zikho 12, pomwe Arizona ndi Oklahoma zinali ndi zikho 8 iliyonse. Oklahoma, motsogozedwa ndi mphunzitsi Patty Gasso, idatenga chikhochi zaka zinayi zotsatizana kuyambira 2021 mpaka 2024, ndipo m'nyengoyo idapambana masewero 71 motsatizana osagonjako. Ndondomeko ya masiku imeneyi ndi yofunika pa nkhani ya mphoto, chifukwa zina zimaperekedwa mpikisano wotsiriza usanayambe ndipo zina utatha.

Mphoto ya USA Softball

Mphoto yomwe ambiri amaitenga ngati yaikulu pa masewerowa ndi USA Softball Collegiate Player of the Year. Imaperekedwa ndi bungwe loyang'anira softball m'dziko lonselo, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1933 ndi dzina loti Amateur Softball Association ndipo likulu lake lili ku Oklahoma City. Mphotoyi idayamba mu 2002.

Kasankhidwe kake kamayenda ngati kusefa ufa. Nyengo isanayambe, bungweli limatulutsa maina 50 a osewera oyenera kuwayang'anitsitsa. Masewero ali mkati, maina amachepetsedwa kufika pa 25, kenako 10, kenako atatu. Amene amavota ndi nthumwi za aphunzitsi, atolankhani otsata masewerowa, ndi omwe adalandirapo mphotoyi m'mbuyomu. Wopambana amalengezedwa Women's College World Series itatsala pang'ono kuyamba. Izi zikutanthauza kuti mphotoyi imayeza ntchito ya miyezi inayi, osati zomwe zichitike pabwalo la Oklahoma City.

Omwe adailandira kuyambira pachiyambi mpaka 2025 ndi awa:

2002: Stacey Nuveman, UCLA
2003, 2005 ndi 2006: Cat Osterman, Texas
2004: Jessica van der Linden, Florida State
2007: Monica Abbott, Tennessee
2008: Angela Tincher, Virginia Tech
2009 ndi 2010: Danielle Lawrie, Washington
2011: Ashley Hansen, Stanford
2012 ndi 2013: Keilani Ricketts, Oklahoma
2014: Lacey Waldrop, Florida State
2015: Lauren Haeger, Florida
2016: Sierra Romero, Michigan
2017: Kelly Barnhill, Florida
2018 ndi 2019: Rachel Garcia, UCLA
2021 ndi 2022: Jocelyn Alo, Oklahoma
2023: Valerie Cagle, Clemson
2024: NiJaree Canady, Stanford
2025: Bri Ellis, Arkansas

Mu 2020 mphotoyi sidaperekedwe chifukwa mliri wa Covid-19 udaimitsa masewero mu Malichi. Osterman ndiye yekha adaitenga katatu, ndipo chaka cha 2004 chomwe chikusowa pakati pa zaka zake sadasewere pasukulu chifukwa anali ndi timu ya dziko lake yomwe idatenga mendulo ya golide pa masewero a Olimpiki ku Athens. Lawrie ndi nzika ya Canada, umboni wakuti mphotoyi imatsata sukulu yomwe munthu akusewerera osati dziko lomwe adabadwira.

Mphoto ya Honda ndi chikho cha masewero onse

Mphoto ya Honda ndi yakale kuposa ya USA Softball, ndipo cholinga chake ndi chotakata. Ndondomeko yake idayamba mu 1976 ndi dzina la Thomas Broderick, mwini kampani yosoka zovala za masewero, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kampani ya magalimoto ya Honda idayamba kuithandiza ndi ndalama. Chaka chilichonse amasankha mtsikana mmodzi wopambana pa mtundu uliwonse mwa mitundu 12 ya masewero a m'mayunivesite, kuphatikizapo softball, basketball, mpira wa miyendo, kusambira ndi kuthamanga. Ovota ndi akuluakulu oyendetsa zamasewero m'sukulu zomwe ndi mamembala a NCAA, ndipo kupatula luso la pabwalo amaganiziranso za maphunziro a wosewera, utsogoleri wake ndi ntchito zomwe wagwira pothandiza anthu.

Opambana 12 aja amapikisananso okhaokha kuti papezeke mmodzi wolandira chikho cha Honda Cup, chomwe chimapita kwa mtsikana woposa onse pa masewero a m'mayunivesite m'chaka chimenecho. Apa wosewera softball amaikidwa pasikelo imodzi ndi osambira ndi othamanga, choncho kupambana n'kovuta. Woyamba wa softball kuchita zimenezi anali Lisa Fernandez wa UCLA mu 1993. Iyeyu adatenga mphoto ya Honda ya softball zaka zitatu zotsatizana, ndipo pa zaka zake zinayi monga woponya adapambana masewero 93 n'kugonja 7 okha. Pambuyo pake padabwera Natasha Watley wa UCLA mu 2003, Keilani Ricketts mu 2013, ndi Rachel Garcia yemwe adatenga chikhochi kawiri, mu 2019 ndi 2021.

Maso a aphunzitsi

Bungwe la National Fastpitch Coaches Association, mwachidule NFCA, ndi la aphunzitsi a softball ndipo likulu lake lili ku Louisville m'chigawo cha Kentucky. Ntchito yake yodziwika kwambiri ndi kusankha matimu a ulemu otchedwa All-America. Awa si matimu osewera ayi, koma mndandanda wa osewera opambana pa malo aliwonse a m'bwalo, ogawidwa m'timu yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu. Wosewera amayamba wasankhidwa m'chigawo chake asanaganiziridwe pa mndandanda wa dziko lonse.

Ubwino wa ndondomeko imeneyi ndi wakuti imafikira anthu omwe mphoto ya munthu mmodzi singawafikire. Wowakha mpira kumbuyo kwa womenya, yemwe amakhala chonyonyomala masewero onse, ali ndi ulemu wakewake. Wothamanga kwambiri pakati pa ngodya ali ndi mphoto ya nsapato ya golide, ndipo otchinga bwino amalandira golovesi ya golide mogwirizana ndi kampani ya Rawlings. Bungweli limasankhanso wosewera wa chaka, woponya wa chaka, ndi wophunzira wa chaka choyamba wochita bwino koposa. Mphoto yotsirizayi yakhala ngati kalosera: Garcia adailandira mu 2017, Alo mu 2018 ndipo Canady mu 2023, onsewo asanatenge mphoto ya USA Softball.

NFCA siiwala sukulu zing'onozing'ono. Imasankhanso matimu a All-America m'magawo a Division II ndi Division III komanso m'makoleji a zaka ziwiri. M'gawo la Division III sukulu sizilipirira munthu maphunziro chifukwa cha masewero, choncho kwa osewera akumeneko dzina kulembedwa pa mndandandawu ndiwo malipiro okhawo a thukuta lawo. Palinso maulemu oyang'ana za m'kalasi, monga mndandanda wa Academic All-America ndi mphoto ya NCAA yomwe imapita kwa wosewera wokhoza bwino mayeso kuposa anzake onse ofika pa mpikisano wotsiriza.

Wopambana pa sabata yotsiriza

Mphoto yachinayi, ya Most Outstanding Player, imaperekedwa pabwalo pomwepo chikho chikangopambanidwa. Imayang'ana masiku ochepa okha a Women's College World Series, ndipo nthawi zambiri imapita kwa wosewera wa timu yomwe yatenga chikho. Jennie Finch wa Arizona adailandira mu 2001, chaka chomwe adapambana masewero 32 osagonjako ngakhale kamodzi. Jordy Bahl adailandira mu 2023, Kelly Maxwell mu 2024, onsewo akuponyera Oklahoma, ndipo Teagan Kavan adailandira mu 2025 pomwe yunivesite ya Texas idatenga chikho chake choyamba.

Pali zaka zochepa pomwe maulemu onse adagwera munthu mmodzi. Ricketts mu 2013 ndi Garcia mu 2019 adatenga mphoto ya USA Softball, ya Honda, chikho cha Honda Cup ndi mphoto ya pa mpikisano wotsiriza, kwinaku matimu awo akunyamula chikho cha dziko lonse. Zaka zotere zimakumbukika chifukwa sizichitika kawirikawiri.

Chaka cha 2021: akatswiri anayi, maulemu anayi

Chaka cha 2021 chimaonetsa bwino kusiyana kwa mphotozi. Jocelyn Alo wa Oklahoma adamenya ma home run 34 ndipo adatenga mphoto ya USA Softball. Rachel Garcia, yemwe ankaponya komanso kumenya, adatenga mphoto ya Honda ndi chikho cha Honda Cup. Aphunzitsi adasankha Montana Fouts wa Alabama kukhala woponya wa chaka, ndipo iyeyu adaonetsa luso lake pa mpikisano wotsiriza potulutsa omenya onse 21 a UCLA popanda ndi mmodzi yemwe wofika pa ngodya yoyamba, tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 21 zakubadwa. Koma mphoto ya pa mpikisanowo idapita kwa Giselle Juarez, woponya wa Oklahoma yemwe adanyamula timu yake itagonja masewero oyamba mpaka kukatenga chikho.

Yemwe adagonjetsa Oklahoma pa masewero oyamba aja anali Odicci Alexander wa yunivesite ya James Madison, sukulu yomwe sinali m'gulu la matimu 16 oyembekezeka kuchita bwino. Alexander adafikitsa timu yake m'ndime ya matimu anayi otsiriza, ndipo potuluka m'bwalo khamu lonse lidamuimirira, ngakhale ochemerera Oklahoma. Pa nthawiyo n'kuti mavoti a USA Softball atawerengedwa kale. Palibe mwa mabungwewa lomwe lidalakwitsa. Lililonse linkayankha funso lakelake: wina ankafunsa za nyengo yonse, wina za munthu yense, wina za luso la malo amodzi, wina za sabata imodzi.

Ziwerengero zomwe ovota amayang'ana

Softball ndi masewero olemba chilichonse, ndipo ovota amadalira kwambiri ziwerengero. Kwa womenya amayang'ana kuti pa maulendo omwe waima kuti amenye, ndi kangati wamenya bwino n'kufika pa ngodya, ma home run ake ndi angati, ndiponso anzake angati apeza mapointi chifukwa cha kumenya kwake. Kwa woponya amayang'ana masewero omwe wapambana, ma strikeout ake, ndi chiwerengero chotchedwa ERA, chomwe chimasonyeza mapointi omwe adani amapeza mwa iye pa magawo 7 aliwonse. ERA ikachepa ndiye kuti woponyayo ndi woopsa. Mu 2024 ya Canady inali 0.73, kutanthauza kuti adani sankakwanitsa ngakhale pointi imodzi pa masewero athunthu.

Mbiri za ena mwa opambana zikuonetsa kutalika kwa muyeso. Monica Abbott adamaliza maphunziro ku Tennessee atapambana masewero 189 ndi kupanga ma strikeout 2,440, ndipo 724 mwa amenewa adawapanga mu 2007 mokha. Osterman adapanga 2,265. Alo adamenya ma home run 122 pa nthawi yake yonse ku Oklahoma. Mbiri yakale ya 95, yomwe inali ya Lauren Chamberlain, adaiphwanya mu Malichi 2022 akusewera kwawo ku Hawaii. Lauren Haeger adali woyamba kufika ma home run 70 komanso kupambana masewero 70 monga woponya, ndipo Sierra Romero adali woyamba kufika 300 pa miyeso itatu ya womenya nthawi imodzi.

Nthawi zina tsiku limodzi limalankhula kuposa ziwerengero. Mu Malichi 2008, Angela Tincher wa Virginia Tech adaponya polimbana ndi timu ya dziko la America yomwe inkakonzekera Olimpiki, ndipo palibe katswiri ndi mmodzi yemwe adamenya bwino mpira wake. Ophunzirawo adapambana 1-0, n'kuthetsa mndandanda wa masewero okonzekera 185 omwe timu ya dzikolo idapambana motsatizana. Patatha miyezi iwiri, Tincher adalandira mphoto ya USA Softball.

Mafunso omwe mphotozi zimadzutsa

Mndandanda wa opambana ukuonetsa zinthu zitatu zomwe otsata masewerowa amakambirana. Choyamba ndi kuchuluka kwa oponya. Mwa maulendo 23 omwe mphoto ya USA Softball idaperekedwa pofika 2025, maulendo 17 idapita kwa woponya kapena wosewera wophatikiza kuponya ndi kumenya. Omwe adaitenga osaponya ndi Nuveman, Hansen, Romero, Ellis ndi Alo yekha kawiri. Gwero lake ndi kapangidwe ka masewerowa. Kuponya mozunguza mkono kumalola munthu mmodzi kuponya masewero ambiri motsatizana kusiyana ndi pa baseball, choncho woponya waluso amatha kunyamula timu nyengo yonse. Womenya, ngakhale akhale katswiri chotani, amapeza mpata katatu kapena kanayi pa masewero amodzi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe kupatula mphoto ya woponya wa chaka kuli kothandiza.

Chachiwiri ndi kukula kwa sukulu. Onse omwe adalandira mphoto ya USA Softball adachokera m'mayunivesite a m'magulu akuluakulu, omwe ali ndi ndalama, mabwalo abwino ndi masewero oonetsedwa pakanema. Oikira kumbuyo zimenezi amati osewera amenewa amakumana ndi adani olimba sabata iliyonse, choncho ziwerengero zawo n'zodalirika. Otsutsa amati wovota sangasankhe munthu yemwe sadamuonepo akusewera, ndipo mtsikana wa pasukulu yaing'ono amayamba mpikisanowu ali kale kumbuyo.

Chachitatu ndi nthawi. Poti mphotoyi imalengezedwa mpikisano wotsiriza usanayambe, wopambana amatha kukhala kuti timu yake sidafike n'komwe ku Oklahoma City. Zidatero ndi Valerie Cagle mu 2023, pomwe Clemson idatulutsidwa ndi Oklahoma, komanso Bri Ellis mu 2025, pomwe Arkansas idatulutsidwa ndi Ole Miss. Ena amaona ichi ngati chilema. Ena amati ndi chilungamo, chifukwa chimateteza wosewera waluso kuti asalangidwe kaamba ka kufooka kwa timu yake.

Pamene mphoto idasanduka ndalama

Kwa zaka zambiri malamulo a NCAA ankaletsa wosewera wa payunivesite kulandira ndalama pogwiritsa ntchito dzina kapena chithunzi chake. Mphoto inali chikho choika pashelefu basi. Zinthu zidasintha mu Julayi 2021 pomwe chiletsocho chidachotsedwa, ndipo malamulo osamukira kusukulu ina adafewetsedwanso m'nyengo yomweyo. Kuyambira pamenepo, dzina la wopambana mphoto lili ndi mtengo pamsika.

Chitsanzo chodziwika ndi cha NiJaree Canady. Atangolandira mphoto ya USA Softball mu 2024, adachoka ku Stanford kupita ku Texas Tech pa mgwirizano wa chaka chimodzi wa ndalama zoposa 1 miliyoni ya madola a ku America. Kukula kwa ndalamazi kumaoneka tikaziyerekeza ndi zomwe zidachitika mu 2016, pomwe Monica Abbott adasainira mgwirizano wa 1 miliyoni ndi timu yolipira ya Scrap Yard Dawgs, koma wa zaka 6. Mu 2025 Canady adafikitsa Texas Tech ku Women's College World Series koyamba m'mbiri ya sukuluyo, mpaka m'ndime yotsiriza momwe adagonja kwa Texas pa masewero achitatu.

Kusinthaku kuli ndi mbali ziwiri. Atsikana omwe kale ankadzaza mabwalo osapeza kanthu tsopano akudya thukuta lawo akadali pasukulu. Koma sukulu yomwe yalera wosewera kuyambira chaka choyamba ikhoza kumutaya atangotchuka, ndipo sukulu zosauka ndizo zimaluza kwambiri. Mphoto yomwe kale inkakweza dzina la sukulu tsopano imathanso kukhala chizindikiro kwa sukulu zolemera kuti wosewera woyenera kumukopa ndi uti.

Kuchokera pasukulu kupita ku Olimpiki

Maina a pa mndandanda wa mphotozi ndi omwewonso amapezeka m'timu ya dziko. Softball idalowa m'masewero a Olimpiki mu 1996 ku Atlanta, ndipo America idatenga golide mu 1996, 2000 ndi 2004, Lisa Fernandez ali m'timu maulendo onse atatu. Mu 2008 ku Beijing, Japan idagonjetsa America m'ndime yotsiriza, ndipo pambuyo pake masewerowa adachotsedwa pa Olimpiki. Adabwereranso pa Olimpiki ya ku Tokyo yomwe idachitika mu 2021, komwe Japan idatenganso golide. Osterman, Abbott ndi Garcia adalandira siliva ndi America, pomwe Lawrie adatenga mendulo yachitatu ndi Canada. Kuchotsedwa kwa masewerowa mu 2012 ndi 2016 kudachititsa kuti akatswiri angapo a zaka zimenezo asapeze mwayi wa Olimpiki ali pachimake pa mphamvu zawo, ndipo kwa iwo mphoto za kuyunivesite ndizo zidatsala ngati umboni waukulu wa luso lawo.

Softball idzakhalaponso pa Olimpiki ya Los Angeles mu 2028, ndipo masewero ake adzachitikira ku Oklahoma City, pabwalo lomwelo la Women's College World Series. Mu 2025 kudayambanso ligi yatsopano yolipira ya Athletes Unlimited Softball League, yomwe bungwe la Major League Baseball laikamo ndalama. Ligiyi ikakhazikika, zaka za kuyunivesite sizidzakhalanso mathero a ulendo kwa osewera ambiri monga zakhala zikukhalira. Pakadali pano, osankha timu ya dziko, eni matimu olipira ndi sukulu zofuna kukopa osewera onse amayamba ayang'ana mindandanda yomwe imatuluka mu Meyi ndi Juni.